Nkhokwe Yosaoneka: Mbiri ya Zikondwerero za ku Songani

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde amadutsa pa Songani asanafike pa Domasi. Kuzambwe kwa maloŵa kwaima mapiri a Zomba ndi Malosa. Kuvuma kwake kwayala chigwa chachikulu chimene chimatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukathera m'madambo a nyanja ya Chilwa. Pa tsiku la msika zakuphiri ndi zakunyanja zimakumana pamenepa: nthochi, nkhuni ndi matabwa mbali iyi, matemba, milamba yoŵamba ndi mpunga mbali inayo. M'makutu mumaloŵa Chinyanja, Chiyao, mwinanso Chilomwe, ndipo mau oitanira anthu ku mzikiti m'bandakucha amamveka m'nyumba zomwezo zimene Lamulungu zimadzamva belu la tchalitchi.

Koma tikaifunsa mbiri, itiuza kuti makolo a anthu ameneŵa sanafike kuno tsiku limodzi, ndi kuti ena mwa iwo anayamba kuonana maso ndi maso atagwira mikondo ndi mfuti. Nanga chinachitika nchiyani kuti adzukulu awo lero azidyera m'mbale imodzi? Mayankho alipo ambiri: maukwati, malonda, sukulu, boma. Pa tsamba lino ndifuna kuti tilingalire yankho limodzi limene kaŵirikaŵiri timalipeputsa, ndilo zikondwerero za pa chaka. Akuluakulu anati kupatsa nkuika. Mudzi uli ndi nkhokwe ziŵiri: ina ndi ya nsungwi, yosungiramo chimanga, inzake sioneka ndi maso, ndipo mumasungidwa ubale. Nkhokwe yachiŵiriyi imadzazidwa pa masiku a chimwemwe, nitsekulidwa pa masiku a tsoka. Mbiri ya dera la Songani itionetsa mmene inamangidwira, mmene inayesedwera, ndi chimene chingathe kuigwetsa.

Kalendala ya mvula ndi nyanja

Kalendala yoyamba ya dera lino sinalembedwe ndi munthu. Anyanja, amene alendo onse otsatira anawapeza ali kale pano, ankaŵerenga chaka poyang'ana mitambo, mitengo ndi madzi. Mu Okutobala, dzuŵa likafika poŵaula, kumagwa chizimalupsa, kuchenjeza amene sanasose kuti nthaŵi yatha. Mvula yobzalira ikagwa mu Novembala kapena mu Disembala, ngumbi zimatuluka, bowa amamera, masuku ndi mango zimapsa. Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi ya khasu ndi ya njala, pamene nkhokwe yapepuka koma chimanga chikungoyamba kumasula. Mu Malichi mondokwa ndi maungu zimapulumutsa ana. Mu Epulo ndi Meyi afika masika. Mu Juni ndi Julayi mwera umaomba, chiperoni chimaphimba phiri, ndipo kudambo anthu amakhala akumaliza kumweta mpunga. Zikatero khasu limapuma, ndipo chilimwe chimakhala cha ng'oma, maukwati ndi zinamwali.

Nyanja ya Chilwa nayo ili ndi kalendala yakeyake. Ndi yachiŵiri kukula m'Malaŵi muno, koma ndi yosaya, pakuti m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita atatu, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, koma chimene chimamwa madziwo ndi dzuŵa. Nchifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono, nchifukwa chakenso imasefukira m'dzinja nkubwerera m'chilimwe. Pa dzinja matemba ndi milamba zimakwera m'mitsinje ndi m'madambo kukaswana. Madzi akayamba kutsika, asodzi amatchera miono ndi kukoka makoka, ena nkumagona miyezi pa zimbowera, timisasa tawo toyandama pakati pa njedza. M'zaka zabwino nyanja imeneyi yakhala ikupereka nsomba imodzi mwa zinayi kapena zisanu zilizonse zogwidwa m'dziko lathu. Choncho ngakhale pa Songani pali kamtunda ndithu kuchokera kugombe, msika wake umatentha ndi kuzizira motsata madzi a Chilwa.

Anthu okhala pa dziko lotere sakanalephera kudziŵa kuti moyo ndi mphatso. Mvula ikachedwa, mfumu ndi akuluakulu ankapita patsinde pa mtengo ndi ufa ndi moŵa kukapempha Chauta kudzera mwa mizimu ya makolo. Zokolola zikaloŵa, ankapitanso kukathokoza. Chofunika kuchiona nchakuti ufa wa nsembeyo unkasonkhedwa khomo ndi khomo. Wosauka ankaperekapo kadzanja kake, wopeza bwino lichero lake, ndipo nsembe inali ya onse. Apa ndi pamene makolo anazikapo mitengo yoyamba ya nkhokwe yathu ija.

Alendo asanduka abale

Pa 18 Epulo 1859 David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanja ya Chilwa. Zaka zotsatira zinali zoŵaŵa kwambiri. Ayao, amene nawonso ankathaŵa nkhondo ndi njala kwawo kuvuma, ku dziko limene lero ndi Mozambique, analoŵa m'dera lino m'zaka za m'ma 1860. Malemia anakhazikika m'chigwa cha Domasi, Kawinga pa phiri la Chikala, kumpoto kwa nyanja. Inali nyengo ya malonda a minyanga ndi akapolo. Njala ya 1862 ndi 1863 inapulula anthu, ndipo Anyanja ambiri anakabisala pa chilumba cha Chisi ndi m'mapiri. Mu 1884 Angoni a Chikusi anaoloka Shire nadzasakaza midzi ya kumapiri kuno. Mu 1891 Angerezi anaika likulu la boma lawo ku Zomba, ndipo mu 1895 anagonjetsa Kawinga. Kuyambira nthaŵi imeneyo mpaka zaka makumi angapo zotsatira, Alomwe ankafika m'magulumagulu, kuthaŵa nkhanza za Apwitikizi, nalandira malo kwa mafumu a Chiyao ndi a Chinyanja, kapena m'minda ya Azungu kumene anakakumana ndi thangata.

Mitundu itatuyi inali ndi chinthu chimodzi chofanana: yonse inkaŵerenga mtundu kuchikazi, ndipo mwamuna ankapita chikamwini. Katswiri wina, Clyde Mitchell, amene anafufuza za midzi ya Ayao kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anaonetsa kuti msana wa mudzi ndi mbumba, ndiye kuti amayi a bere limodzi ndi ana awo, osungidwa ndi mlongo wawo wamwamuna. Tanthauzo lake nlakuti pafupifupi mwamuna aliyense wokwatira anali mlendo pa mudzi wa mkazi wake, koma mwini mbumba pa mudzi wa alongo ake. Mnyamata wa Chilomwe ankatha kukamanga nyumba pakati pa Ayao, ana ake nkukula ndi chiyankhulo cha amayi awo, koma ng'oma ya tchopa ikalira kwa atate awo ankapita nawo. Chikondwerero cha mbumba imodzi chinkakoka akamwini, apongozi ndi ankhoswe a midzi isanu kapena khumi, ndipo amene makolo awo anaponyerana mikondo anayamba kupatsana chikho cha thobwa.

Chachikulu mwa zikondwerero za chilimwe chinali chinamwali. Ayao anabwera ndi lupanda la anyamata ndi chiputu cha atsikana. Mafumu awo atayamba kulandira Chisilamu, kuyambira m'zaka za m'ma 1870, miyamboyi inavala chovala chatsopano, nkukhala jando ndi nsondo. Sizinangochitika kuti mwambowu ukhale wa pambuyo pa masika. Anamwali amakhala kundagala milungu ingapo, ndipo tsiku ndi tsiku nsima imayenera kuchokera kumudzi. Popanda chimanga m'nkhokwe ngaliba sangasonkhanitse ana. Tsiku lotuluka, ana amasamba, kuvala zatsopano ndi kulandira maina atsopano, pamene amayi akuvina manganje ndi kululutira mseu wonse. Pa tsiku limenelo safunsa munthu kuti amapemphera kuti. Aliyense amene anamuona mwanayo akukwaŵa amabwera kudzamufupa, ndipo mayi wa mwana amasunga mumtima dzina la aliyense amene wabwera.

Chisilamu chinabweretsanso masiku ena: kusala kwa Ramazani ndi phwando la Idi, ziyala yokumbukira kubadwa kwa Mtumiki Muhammad, sikiri imene amuna amatamanda nayo Mulungu ndi mpweya wa m'chifuŵa popanda ng'oma, ndiponso sadaka, chakudya chimene banja limaphikira anthu pokumbukira wakufa. Popeza kalendala ya Asilamu imatsata mwezi, masiku awo amafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, kotero kuti pa zaka 33 Ramazani imazungulira nyengo zonse: nthaŵi zina imagwa pa dzuŵa la Okutobala, nthaŵi zina pakati pa njala ya Febuluwale.

Ngakhale nkhondo ya Azungu inasiya gule wake. Ku Zomba kunali likulu la asilikali a King's African Rifles, ndipo m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambiri a midzi ino anatengedwa, ena ngati asilikali, ena ngati amtengatenga. Chipilala chokumbukira amene anafa chikadaimabe poloŵa mu mzinda wa Zomba. Amene anabwerako anafalitsa beni, gule wa mayunifolomu, maudindo ndi perete wa chisilikali, amene anayambira kugombe la East Africa. Anthu anatenga chinthu chimene chinawaliza nachisandutsa choseketsa ana pa bwalo, ndipo magulu a beni a midzi yosiyana anayamba kuyenderana ndi kuphikirana.

Belu la mishoni

Akhristu oyamba kukhazikika m'dziko la Malemia anali a Mpingo wa ku Scotland, amene mu 1884 anatsekula mishoni ya Domasi motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick. Mu 1929 boma linatsekula pa Domasi pomwepo sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo za chitukuko cha m'midzi. Aangilikani anadzakhazikika ku Malosa. Ansembe a chipani cha Montfort anayamba ntchito yawo ku Nzama mu 1901, ku Nguludi mu 1903, ndipo anafika ku Nankhunda, pa phiri la Zomba, mu 1912. Zomba inapatulidwa kukhala dera lapalokha la Eklezia mu 1952, nikhala dayosizi mu 1959 pansi pa Ambuye Lawrence Hardman. Mu 1970 inalandira episkopi wake woyamba wa Chimalaŵi, Ambuye Matthias Chimole. Zakazi zikutikumbutsa kuti ife Akatolika tinafika kuno ena atayala kale mphasa, ndipo kuyambira pachiyambi moyo wathu wakhala wa pakati pa anansi a zipembedzo zina.

Amishonale oyamba, a mipingo yonse, ankakayikira ng'oma. Anaona m'magule ndi m'zinamwali zinthu zina zosagwirizanadi ndi Mthenga Wabwino, koma kaŵirikaŵiri analetsa zonse pamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe. Mkhristu wotumiza mwana kuchinamwali ankaimitsidwa masakramenti, ndipo m'mabanja ambiri munaloŵa mpeni: mlongo uyu ku manganje, mlongo uyo watseka chitseko. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unatsekula njira ina. Misa inayamba kuchitika m'chiyankhulo chathu, ng'oma ndi nthungululu zinaloŵa m'tchalitchi, ndipo mu 1965 Msonkhanowo unaphunzitsa poyera kuti Eklezia amayang'ana Asilamu ndi ulemu, popeza amapembedza Mulungu mmodzi, amalemekeza Amayi Maria, ndipo amasunga pemphero, kusala ndi zachifundo. Mu 1973 maepiskopi a chigawo chino cha Africa anagwirizana zomanga Mpingo pa miphakati, ndipo kuyambira pamenepo chikhulupiriro chinabwerera pa khonde ndi pansi pa mtengo wa mango, pamene makolo ankasonkhanira kale.

Chodabwitsa nchakuti chaka cha Eklezia, chimene chinakonzedwa m'maiko akutali okhala ndi nyengo zina, chinafika kuno nkukwanira ngati chinasokedwera ife. Adiventi imatipeza titabzala, maso ali kumwamba, tikudikira chimene sitingachipange ndi manja athu. Mlimi wa ku Songani safunika kumufotokozera nthaŵi yaitali kuti kudikira Mpulumutsi nkutani. Khirisimasi imagwa pamene mmera uli wanthete, woti mlungu umodzi wa dzuŵa ungathe kuupha, monga Mwana uja wogonekedwa modyera ziŵeto. Lachitatu la Phulusa limadza mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, pakati penipeni pa miyezi ya njala, pamenenso lamulo lakhala likuletsa makoka pa Chilwa kuyambira mu Disembala kuti nsomba ziswane. Mabanja ambiri amakhala atayamba kale kusala Lenti isanafike, ndipo kwa iwo Eklezia sabweretsa mtolo watsopano. Amangopatsa dzina loyera njala imene ali nayo kale, ndi kukumbutsa amene ali ndi chimanga kuti kusala kwawo kukhale chakudya cha mnansi. Tsono Pasaka, imene imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, imafika pamodzi ndi mondokwa ndi maungu. Aleluya wa usiku wa Loŵeruka Loyera amaimbidwa ndi anthu amene aona ndi maso kuti mbeu imene anaikwirira m'nthaka yauka.

Pambuyo pake amadza masika, pamene mabanja amasenza matumba a chimanga, mpunga, nandolo ndi nkhuku kudzapereka ku tchalitchi. Mwambo umenewu ndi mdzukulu wa ufa uja unkasonkhedwa khomo ndi khomo, ndiponso wa lamulo la m'Chipangano Chakale lopereka zipatso zoyamba ndi kusiyira osauka ndi alendo khunkha la m'munda. M'chilimwe mumakhala maukwati, Ukaristia woyamba wa ana ndi Ulimbitso, m'miyezi yomweyo imene anansi athu akutulutsa anamwali awo. Pa 2 Novembala timakumbukira akufa athu, ndipo Msilamu amene amaphika sadaka sadabwa kutiona tikupita kumanda.

Pa zonsezi pali kamwambo kena kakang'ono kamene sikanalembedwe m'buku lililonse la malamulo, koma kandiphunzitsa zambiri. Banja la Chikhristu likamakonza ukwati kapena likagwa m'maliro, limaitana mnansi wa Chisilamu kuti adzazinge mbuzi ndi nkhuku, kuti pasapezeke mlendo wobweza mbale. Pambali pa moŵa amaikapo thobwa, ndipo nkhumba saiyandikiza ku miphika ya tsikulo. Nawonso Asilamu pa Idi amatumiza mbale ya mpunga kutsidya kwa mpanda. Palibe sinodi kapena bungwe la mashehe limene linalamula zimenezi. Anazipeza okha amayi ndi ankhoswe, pofuna kuti mbumba isagaŵikane.

Boma nalo linabwera ndi masiku ake. Ufulu utabwera pa 6 Julayi 1964, magule a m'midzi anatengedwa kupita ku mabwalo a misonkhano ya chipani, ndipo m'zaka za chipani chimodzi amayi ambiri ankavina chifukwa choopa, atasiya ntchito ndi ana kunyumba. Ng'oma zinalira kwambiri, koma gule wokakamiza sadzaza nkhokwe ya ubale. Kalata ya maepiskopi athu imene inaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti m'chaka cha chilala, inathandiza kutsekula pakamwa pa anthu. Ndipo ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, tsiku la Idi linadzakhala tchuti cha dziko lonse.

Zaka za mayeso

Nkhokwe imadziŵika kulimba kwake pa chaka choipa, ndipo dera lino laona zaka zoipa zambiri. Mu Disembala 1946 Napolo anatsika m'phiri la Zomba, nakokolola milatho, nyumba ndi anthu. Mu 1949 mvula inakana, ndipo njala inagwira chigawo cha kummwera. Tisanamizane: m'chaka chimenecho nkhokwe ya ubale inang'aluka m'malo ambiri. Amuna ena anachoka ponena kuti akukafuna chakudya kwawo, osabwereranso, maukwati anatha, nkhalamba ndi ana amasiye ndiwo anavutika koposa. Amayi anasunga mbiri imeneyi m'nyimbo za pamtondo. Koma amene anapulumuka ambiri anapulumukira pa khomo la mbale, la mnansi kapena la bwenzi la kumudzi wina kumene kunali chinangwa. Pa tsiku lotere munthu sagogoda pa chitseko chachilendo. Amapita kumene anavinako, kumene analirako maliro, kumene anafupako mwana.

Nyanja ya Chilwa nayo yakhala ikuuma nthaŵi ndi nthaŵi. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka matope ong'aluka, mabwato nkugona pamtunda pa doko la Kachulu. Akatswiri a ku Chancellor College, amene anaifufuza nyanjayi kuyambira 1966 kwa zaka khumi, anaona mmene moyo umabwererera: nsomba zotsala zimabisala m'maiŵe a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo madzi akabwera zimatsikiranso m'nyanja nkuswana, kotero kuti pakapita zaka zoŵerengeka usodzi umayambanso. Nyanja ikauma asodzi ena amasamukira ku Malombe, ku Chiuta kapena ku nyanja ya Malaŵi, ena amagwira khasu, ena amakwera kuphiri kukaotcha makala. Amayi ogulitsa matemba pa misika ngati wa Songani amatsala manja lende, ndipo ana a kugombe amatumizidwa kwa achibale a kumtunda.

Chaka cha 1995 chinasiya phunziro lapadera. Mafumu, asodzi ndi a nthambi ya boma yoona za nsomba anagwirizana zoteteza maiŵe a m'mitsinje, naletsa kupha nsomba ndi katupe, ndipo anakhazikitsa makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi. Anthu anjala analola kusiya nsomba zimene akanatha kudya tsiku lomwelo, kuti nyanja idzakhale ndi mbeu. Pangano lotere silitheka pakati pa anthu osakhulupirirana, ndipo kukhulupirirana sikumera tsiku la msonkhano. Posakhalitsa nyanjayi inaloŵa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaizindikira ngati malo oyenera kusamalidwa mwapadera. Koma mlonda wake weniweni ndi mudzi umene umatha kukhala pansi pamodzi.

Chimene chili m'manja mwathu

Lero nkhokwe yathu ikudyedwa ndi anankafumbwe a mitundu ingapo, ndipo tiyenera kuwatchula maina. Woyamba ndi mpikisano. Ukwati umene kale unali wa mbumba yonse wasanduka chionetsero cha ndalama. Perekaniperekani amatha maola, wosauka amachita manyazi kubwera, ndipo banja latsopano limayamba moyo ndi ngongole ya katapila. Mabanja ena amagulitsa chimanga kwa mavenda mu Juni pa mtengo wotsika kuti achititse phwando mu Ogasiti, nkudzachigulanso mu Febuluwale pa mtengo wokwera. Chikondwerero chotere chimakhuthula nkhokwe zonse ziŵiri nthaŵi imodzi. Yosefe ku Ejipito anadzaza nkhokwe m'zaka za dzinthu dzambiri chifukwa anadziŵa kuti zaka zoonda zikubwera. Ife a m'mbali mwa Chilwa sitifunika maloto a Farao kuti tidziŵe zimenezo.

Wachiŵiri ali m'zinamwali. Mwambo wolanga ana ndi wabwino, ndipo mtundu wosalanga ana ake ulibe maŵa. Koma kuyambira pamene matenda a Edzi anapezeka m'dziko muno mu 1985, mpeni umodzi wa anyamata ambiri ndi ngozi; ndipo malangizo ouza kamtsikana ka zaka khumi kuti kakasase fumbi ndi tchimo pamaso pa Mulungu ndi mlandu pamaso pa boma. Lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zinakhazikitsa kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18. Mafumu ambiri alamula kuti zinamwali zizitha sukulu zisanatsekulidwe. Ife Akatolika tisabwerere ku njira yakale yotseka chitseko ndi kunyoza anansi. Alangizi a m'miphakati yathu akhale okonzeka bwino, makolo adziŵe amene akulanga ana awo ndi zimene akuwauza, ndipo tikhale pansi ndi mafumu, mashehe ndi anankungwi, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Wachitatu ndi kusokonekera kwa kalendala yoyamba ija. Mvula imachedwa, kapena imabwera yonse pa mlungu umodzi, monga tinaonera mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Mitengo ya m'mapiri a Zomba ndi Malosa ikutha, dothi likutsikira m'mitsinje nkukakwirira nyanja imene ndi yosaya kale. Thumba la makala logulitsidwa pa mseu ndi bwato logona pa matope ku Kachulu ndi nkhani imodzi. Papa Francis, m'kalata yake ya 2015 yonena za chisamaliro cha chilengedwe, anatikumbutsa kuti kuononga dziko kumayamba kupweteka osauka. Kodi chingatilepheretse nchiyani kuti mwana aliyense wobatizidwa, banja lililonse lodalitsidwa, abzale mitengo m'mbali mwa mtsinje, mphakati nkumaiyang'anira?

Wachinayi ndi woopsa kuposa onse: mau ochokera kunja, a Chikhristu kapena a Chisilamu, ophunzitsa achinyamata kuti kudya kwa mnansi wa chipembedzo china nkudzidetsa, ndi kuti maliro ake si athu. Amene amalankhula motero sanaione nyanja itauma. Kukhala Mkatolika wolimba sikufuna kuti tibweze mbale ya mpunga wa Idi, monganso kuitana Msilamu kudzazinga mbuzi sikuchepetsa ubatizo wathu. Ambuye Yesu anachita chizindikiro chake choyamba pa ukwati wa kumudzi, ndipo adani ake ankamudzudzula chifukwa cha anthu amene ankadya nawo.

Tsono, abale anga, chilimwe chikubwerachi tidzifunse mafunso apafupi. Pa phwando la pa khomo pathu, ndani amene sitinamuitane chifukwa alibe chobweretsa? Pa zopereka za masika, ndi gawo lanji limene parishi ndi mphakati zasungira nkhalamba ndi amasiye a mu Febuluwale? Ndi liti pamene tinapita komaliza kukakhala pa maliro a mnansi wa mpingo wina kapena wa ku mzikiti, ufa ndi nkhuni zili kumutu? Mnzako akapsa ndevu mzimire, maŵa adzazima zako. Nyanja ya Chilwa idzaumanso, pakuti ndi mmene yakhala ikuchitira kuyambira kale. Tsiku lake sitilidziŵa, koma ana athu adzaliona. Pa tsiku limenelo adzagogoda pa zitseko zimene ife tikuzitsekula kapena kuzitseka lero. Ndipo ife amene Lamulungu lililonse timanyema Mkate umodzi pa guwa la Ambuye, tikhale oyamba kudzaza nkhokwe imene mudzi wonse udzadyamo.